Sikafu ya apongozi ndi ulusi wa pa kaunjika

Amayi anzanga oluka, ndiloleni ndiikire umboni za sikafu ija timaluka chigawochigawo, chigawo chilichonse mtundu wake ndi kalukidwe kake. Pachithunzi imakongola, koma ine inandigwetsa nkhope.

Ulusi ndinkaupeza pa kaunjika: kugula majuzi akale, kuwamasula, kuunyika m'madzi kuti makwinya athe, ukauma n'kuukulunga. Ndalama zinkapulumukadi. Koma ndinkasankha ndi maso okha, wofiira apa, wachikasu apo, osafunsa ngati juzilo ndi la ubweya wa nkhosa kapena la acrylic. Sikafu yomwe ndinalukira apongozi anga, kuti azikulunga m'khosi June akafika kwawo ku Dedza, inali ndi zonse ziwiri. Iwo anaichapa ndi madzi otentha, n'kuifikisa monga achapira china chilichonse. Zigawo za ubweya zinafota n'kuuma gwa, za acrylic zili chikhalire, wofiira uja atasuluka n'kuthimbiritsa woyera. Sanakalipe. Anangoitambasula pachingwe n'kunena kuti, "Apongozi, sikafu yanu ija yasanduka njoka yomeza mbewa."

Masiku ano ndisanayambe ndimadula kachidutswa ka ulusi n'kukayatsa ndi machesi. Ubweya umanunkha tsitsi lopserera, phulusa lake limafumbutuka m'zala. Acrylic amasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Zikasiyana, sizikumana pa sikafu imodzi, ngakhale mitundu itagwirizana chotani. Kunenepa kwa ulusi nakonso kuzifanana: wolembedwa DK ndimaulukira singano ya ngowe ya 4 mm, ndipo wonenepa kuposa pamenepo umadikira ntchito ina.

Kufota kuja sikunali kokha. M'mbali munali mutakhota kale isanaone madzi, chifukwa kalukidwe kalikonse kamakoka mwakemwake. Single crochet amathina, shell amatambalala. Shell amafunanso masititchi ogawika ndi 6 kuphatikizapo imodzi, ndiye ndimayamba ndi 25 kapena 31 kuti chigawo chake chikafika ndisachite kuba kapena kuwonjezera. Pothina ndimatenga singano yokulirapo ndi theka la milimita. Ndimawerenganso mzere uliwonse, ngakhale wailesi ikome bwanji, poti sititchi imasowa potembenukira penipeni.

Posintha mtundu ndinasiya kumanga mfundo, zimamasuka pochapa. Ndimasiya mchira wa masentimita 15 n'kuulowetsa m'kati ndi singano chigawocho chikangotha, popeza ndikadikira mapeto michira imachuluka, ulesi n'kundigwira, lumo n'kuyamba kundiitana.