Kalata kwa mng'ono wanga: za Jaime, Brienne ndi ngongole ya Bran

Mng'ono wanga wokondedwa,

Wati wamaliza kuonera Game of Thrones kachiwiri, koma mtima wako sunaphwebe pa nkhani ya Jaime Lannister. Ukuti olemba seweroli, David Benioff ndi D. B. Weiss, anamumanga munthuyu kwa zaka 8 n'kumugwetsa m'magawo awiri okha, ndipo akanangokhala ku Winterfell ndi Brienne zonse zikanatha bwino. Suli wekha. Mu Meyi 2019, sewero lisanathe n'komwe, anthu anayamba kusaina chikalata pa Change.org chopempha HBO kuti ijambulenso sizoni yonse yomaliza, ndipo osainawo anapyola 1 miliyoni. Ambiri chinawawawa ndi Daenerys, koma alipo ochuluka amene mpaka lero akulira Jaime ndi Brienne. Mbali ina ya mkwiyowo ndikugwirizana nayo, ndifikapo. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amodzi amene unanena, akuti Brienne akanamusintha. Mawu amenewo sanandisangalatse, ndipo ndikufuna undimvetse chifukwa chake.

Tiyambe pomwe Jaime anayambira. Gawo loyamba, la pa 17 Epulo 2011, likutha Bran Stark, mwana wa zaka 10, atakwera khoma la nsanja yakale n'kusuzumira pazenera. Akupeza Jaime akugona ndi Cersei, mlongo wake weniweni amene anabadwa naye mapasa, yemwenso ndi mkazi wa Mfumu Robert. Jaime akumugwira mwanayo, akumufunsa zaka zake modekha, kenako akumukankha. Bran sanafe, koma sanayendenso ndi miyendo yake. Ngongole ya Jaime inabadwa tsiku limenelo, ndipo mwini wake ngongoleyo ndi Bran.

Ndikudziwa chimene chinatikopa tonse. Chinali sizoni 3, ya mu 2013. Catelyn Stark anali atamumasula mobisa n'kumupereka m'manja mwa Brienne kuti akamusinthanitse ndi ana ake aakazi, Sansa ndi Arya. Panjira anagwidwa ndi asilikali a Bolton, ndipo atafuna kumugwirira Brienne, Jaime ananama kuti bambo ake a mkaziyu ali ndi miyala yambiri ya mtengo wapatali pachilumba cha Tarth, kuti anthuwo aope kuwononga dipo. Bodzalo linamupulumutsa Brienne. Usiku womwewo Locke, mtsogoleri wa asilikaliwo, anamudula Jaime dzanja lamanja, lomwe linali ulemerero wake wonse.

Kenako kunabwera kusamba kuja ku Harrenhal. Uonenso bwino malo amenewo. Jaime walowa m'madzi otentha, thupi lili gwagwagwa ndi malungo, mkono woduka wautukula kuti usanyowe, tsitsi lamatirira kumaso. Akuyamba ndi chipongwe monga mwa nthawi zonse, Brienne akuimirira ndi ukali, iye n'kupepesa. Ndiye akuulula chinsinsi chimene anachisunga zaka zonse zimene anthu ankamutcha Wopha Mfumu: Aerys, mfumu yamisala ija, inali itakwirira mitsuko ya mafuta oyaka moto wobiriwira pansi pa mzinda wonse wa King's Landing, ndipo inalamula kuti auyatse ndi anthu ake omwe. Jaime anapha woyatsa motoyo, kenako anapha mfumu imene analumbira kuiteteza. Ned Stark atamupeza sanafunse chifukwa, anangomuweruza ndi maso. Nikolaj Coster-Waldau anasewera malo amenewa ngati munthu amene mawu akumutuluka mosafuna, mpaka akukomoka m'manja mwa Brienne. Pambuyo pake anabwerera n'kudumphira m'dzenje la chimbalangondo wopanda chida, ndi dzanja limodzi, kuti amutulutse. Mu sizoni 4 anamupatsa lupanga losulidwa kuchokera ku lupanga la Ned Stark, kuti akasake Sansa. Zonsezi n'zenizeni ndipo sindikuzichepetsa.

Koma inu okonda Jaime mumadumpha masamba. Mu sizoni 4 yomweyo, pafupi ndi mtembo wa mwana wawo Joffrey, Jaime anamukakamiza Cersei akukana. Mu sizoni 6, ku Riverrun, anamuuza Edmure Tully maso ndi maso kuti khanda lake aliponyera mulinga ndi chida choponyera miyala ngati nyumbayo siperekedwa, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti akufuna kubwerera msanga kwa Cersei. Atabwerera, anapeza mlongo wake ataphulitsa kachisi wamkulu wa Baelor ndi moto wobiriwira womwe uja, anthu ambirimbiri ataphedwa, mwana wawo wotsiriza Tommen atadziponya pazenera. Chinthu chimene anaphera mfumu kuti chisachitike, Cersei anachichita. Jaime anatani? Anakhala. Anamutsogolera nkhondo, anakalanda Highgarden, anamumwetsa poizoni Olenna Tyrell. Anachoka kumapeto kwa sizoni 7, mu 2017, Cersei ataphwanya lonjezo lotumiza asilikali kumpoto. Kuchokera pa kusamba kuja kufika pa kuchokako panadutsa masizoni 4, ndipo nthawi yonseyo Brienne ankamudziwa kale. Ubwino wa Jaime unali weniweni, goli lake kwa Cersei linalinso lenileni, ndipo ziwirizi zinkayenda limodzi mwa munthu mmodzi. Atabwerera kukafa naye, Cersei ali ndi pakati pa mwana wake, ine sindinaone munthu wachilendo.

Tsopano pomwe ndikugwirizana nawe. Anathamanga nayo nkhaniyo mochititsa manyazi. Masizoni oyamba anali ndi magawo 10, yomaliza 6 okha. Pa 5 Meyi 2019, m'gawo limodzi lomwelo, Jaime akugona ndi Brienne koyamba ndipo akumusiya. Pa 12 Meyi wafa, denga la pansi pa nyumba yachifumu litawagwera iye ndi Cersei. Owonera sanapatsidwe mpata woona mtima wake ukukokedwa mbali ziwiri. Choipitsitsa n'chimene anamuyankhulitsa kwa mng'ono wake Tyrion m'hema, kuti anthu wamba a mumzindawo sanawalabadirepo kwenikweni. Amenewo ndi mawu amene amafafaniza Harrenhal yense, pakuti munthu amene anataya dzina lake chifukwa cha anthu theka la miliyoni sanganene zimenezo popanda sewero kutisonyeza kuti akudzinamiza. Owerenga mabuku a George R. R. Martin ali ndi chifukwa chinanso chokwiyira. M'buku la A Feast for Crows, la mu 2005, Cersei ali pamavuto akumulembera kalata yomupempha kuti abwere, Jaime n'kulamula kuti aiponye pamoto. Martin sanamalize mabukuwo, choncho Jaime wa m'buku adakali panjira. Ukandiuza kuti anailemba mwaulesi, ndivomera. Ukandiuza kuti mapeto oyenera anali ukwati, pamenepo tasiyana.

Taona gawo la pa 21 Epulo 2019, usiku woti mawa lake akumana ndi gulu la akufa. Akhala mozungulira moto: Tyrion, Davos, Podrick, Tormund, Jaime ndi Brienne. Tormund akudabwa kuti mkazi wankhondo chotere sanapatsidwe bwanji ulemu wa knight, msilikali wolumbira kuteteza ofooka. Akumuuza kuti mwambo sulola akazi. Brienne akunamizira kuti alibe nazo ntchito, koma nkhope ikumutsutsa. Jaime akuimirira, akukumbutsa anzake kuti knight aliyense ali ndi mphamvu yodzoza mnzake, akusolola lupanga ndi dzanja lamanzere n'kumuuza kuti agwade. Brienne akuzengereza, akuyang'ana Podrick ngati akuopa kuti akumuseka monga anamusekera anyamata kuyambira ali mtsikana. Akugwada. Lupanga likukhudza phewa ili ndi ilo. Akudzuka misozi ili m'maso, akumwetulira mano onse panja, kumwetulira kumene sitinakuonepo chiyambire. Kwa ine chikondi cha awiriwa chinakwanira pamenepo. Jaime anamupatsa chimene mkaziyu anachilakalaka moyo wake wonse, ndipo iye sanapindulepo kanthu.

M'gawo lomwelo muli malo ena aafupi amene okonda awiriwa sawatchula kawirikawiri. Jaime akupita pansi pa mtengo wopatulika wa ku Winterfell, pomwe Bran wakhala pa njinga yake, n'kupepesa. Ndiko kulapa kumene kunafika pakhomo loyenera, ndipo anakupatsa mphindi zochepa chabe. Owonera ambiri sanadandaule za kufupika kwake. Anadandaula kuti Jaime sanakhale ndi Brienne. Ukaganiza bwino, ndiye kuti m'mitima mwathu tinasamutsa mlandu: wolakwiridwa ndi mwana wolumala, koma chizindikiro chakuti wolakwayo wasintha tikuchifuna pa bedi la mkazi wina. Brienne wasanduka mphoto yopatsa mwamuna amene wayesetsa.

Ndipo mawu ako aja amapitirira pamenepo. Ukati akanamusintha, wamusenzetsa Brienne ntchito imene Jaime mwini anailephera kwa zaka zonsezo. Iwe ndi ine tawamva mawu amenewa kwathu kuno kopanda zinjoka. Tawamva pa chilangizo, atsikana akuuzidwa kuti banja ndi kupirira, kuti mwamuna ndi mwana, kuti mkazi wanzeru amamuwongola. Unawaona azakhali athu mmene anadikirira munthu kuti asinthe, chaka ndi chaka, ankhoswe akubwera n'kubwerera, ndipo pomwe sanasinthe anthu ankafunsa chimene azakhaliwo analakwitsa. Sindikunena za chibwenzi chako, mlamu wanga ndilibe naye mlandu. Ndikunena kuti zimene timaombera m'manja pa kanema zimatsikira mumtima mwakachetechete, ndipo sindifuna mng'ono wanga azikhulupirira kuti chikondi cha mkazi wabwino ndicho chimatsuka mwamuna. Jaime akanakhala ku Winterfell mtima uli ku King's Landing, wovutika akanakhala Brienne.

Sewero lomweli linatisonyeza njira ina mwa Theon Greyjoy. Iyeyu analanda Winterfell, nyumba imene anakuliramo, anadula mutu wa Rodrik Cassel, anaphetsa ana awiri a pafamu n'kuwotcha mitembo yawo kuti anthu aziyesa Bran ndi Rickon. Ramsay Bolton atamuzunza mpaka kuiwala dzina lake, Theon sanayere chifukwa cha kuzunzikako. Anayamba kubweza pamene anathandiza Sansa kuthawa, kumapeto kwa sizoni 5, ndipo anamaliza pa 28 Epulo 2019 ataima ndi mkondo kutsogolo kwa Bran yemweyo amene anamulanda nyumba. Alipo amene ankafuna kuti Theon ndi Sansa akondane. Olemba sanatero, ndipo Sansa anangomubaya chizindikiro cha banja la Stark pachifuwa asanawotche mtembo wake. Palibe amene amati kulapa kwa Theon kunaperewera chifukwa sanakwatire.

Ukukumbukanso Avatar: The Last Airbender, katuni ya Nickelodeon imene inatha mu 2008. Mkangano wa okonda Zuko ndi Katara sunathe mpaka pano. Zuko anamupereka Katara ku Ba Sing Se, kenako anakaima pamaso pa bambo ake n'kukana nkhanza zawo, anakagwada kwa amalume ake Iroh, ndipo pomaliza anatchinga ndi thupi lake mphezi ya Azula imene inkalunjika Katara. Katara anamukhululukira ndi mtima wonse, koma anasankha Aang. Anthu ambiri amati Zuko ndiye chitsanzo cha munthu woipa amene anasintha bwino kuposa onse pa kanema, ndipo ndikuganiza kuti chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti palibe mtsikana amene anamunyamulira katunduyo.

Ena anakwiya poona Brienne akulira pabwalo usiku uja, atavala mkanjo wogonera, akumudandaulira Jaime kuti asapite. Ankati amuchotsa ulemu. Ine sindinaone chamanyazi pa mkazi wolira munthu amene amamukonda. Chimene ndinayang'ana n'chimene anachita kutacha. Sanakwere kavalo kumulondola. Anakhala pomwe lumbiro lake kwa Sansa linamuika, ndipo pa 19 Meyi 2019 tikumupeza ali mkulu wa alonda a mfumu, udindo umene Jaime anali nawo kale. Ngakhale Gwendoline Christie mwini wake, amene anasewera Brienne, HBO itapanda kupereka dzina lake ku mphoto za Emmy chaka chimenecho, anadzilembetsa yekha ndipo analowa m'gulu la opikisana.

Pali pamodzi pokha pomwe ndimatsutsana naye Brienne, ndipo ndikufuna kumva maganizo ako. Atatsegula buku lalikulu lija lolembamo ntchito za alonda a mfumu, anadzaza tsamba la Jaime ndi zabwino zokhazokha: kuti analanda Riverrun popanda kukhetsa mwazi, kuti anapita kumpoto kukamenyana ndi akufa, kuti anafa akuteteza mfumukazi yake. Za khanda la Edmure sanalembe. Za mwana amene anakankhidwa pazenera sanalembe, chonsecho mwanayo ndiye mfumu imene Brienne akuitumikira tsopano. Owonera ambiri analira poona tsambalo, akuti ndi chikondi chotsiriza. Ine ndikanakonda akanalemba zonse, pamodzi ndi kupepesa kwa pansi pa mtengo kuja, chifukwa mwa anthu onse a m'seweroli Brienne ndiye amene sankanama.

Undiyankhe ukapeza mpata, ndipo usandinyengerere ngati sukugwirizana nane. Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala awo ndatumiza kale.

Ndatha ine,
mkulu wako.