Gaidi choyamba, kupera pambuyo

Ntchito yanga kuno ku Roma, mu Lusaka, ndi kudzutsa njinga zamoto zakale, makamaka Honda CG125, ndipo pali mfundo imodzi imene timasiyana ndi amakaniko anzanga: hedi ya injini sichira ndi phala lopera mavavu. Ambiri akaona njinga ikufuka ndi kuvuta kulira m'mawa amamasula hedi, kupala mwaye, kupaka phala, n'kumapekesa vavu m'manja ngati wopeka moto. Mkombero wa pokhala vavu ukawala amati yatha. Ine ndimati ntchito sinayambe n'komwe.

Vavu imakwera ndi kutsika m'kachubu kotchedwa gaidi, ndipo kachubuko ndi kamene kamailozera pokhala. Fumbi la mu Lusaka, lija la Ogasiti mpaka Okutobala m'tinjira ta ku Ng'ombe, likadutsa fyuluta yong'ambika limasakanikirana ndi oyilo n'kudya gaidi mpaka bowo litasiya kukhala lozungulira. Zikatero vavu imagwedera, ulendo uliwonse imatera mopendekeka, ndipo mkombero wopera bwino uja sukhalitsa. Vavu ya ekizozi ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa kutentha kwake kochuluka kumatulukira pomwe yakhudza mpando wake. Ikapanda kukhala bwino imapsa m'mphepete. N'chifukwa chake ndimayamba ndi kuyeza mwendo wa vavu ndi kugwedera kwake. Gaidi ikakhala yakutha ndimatenthetsa hedi kufika madigiri 100 kuti aluminiyamu afutukuke, kutulutsa yakaleyo, kukhoma yatsopano, kusalaza bowo, kenaka kudula mpando pa madigiri 45 motsata gaidi yatsopanoyo. Phala limabwera pomaliza, pang'ono chabe. Mboni yake ndi palafini: ndimamuthira m'njira za mpweya mavavu ali otseka, akadontha ndiye kuti ndibwereze.

Ena amati CG imapirira, siifuna zonsezi. Kupirirako n'zoona. Honda adaitulutsa mu 1975 ataona kuti m'mayiko osauka anthu amayendera oyilo mpaka ada bii, makamu a pamwamba okankha mavavu n'kumadyeka. Adatsitsira kamu pansi, chotupa chimodzi n'kumakankha mavavu onse awiri kudzera m'timitengo tachitsulo. Koma nzeru imeneyo idapulumutsa kamu. Gaidi idatsala pamwamba pomwepo, pamoto ndi pafumbi, monga pa injini ina iliyonse.

Mtsutso wolemera ndi wa ndalama: m'mashopu a m'tauni muli mahedi atsopano a ku China otengera CG, ndipo kugula n'kumanga kumatha tsiku lomwelo. Mnyamata woperekera katundu ku Kabulonga ndi Woodlands, amene kwa iye tsiku loima ndi tsiku la njala, sindingamudzudzule akagula yatsopano. Komabe mahediwo sali a saizi imodzi, alipo a 125, a 150 ndi a 200, ndipo ofanana maonekedwe amasiyana mkati. Yatsopanoyo imafunikanso palafini yemwe uja. Tsono pa hedi yakale chimatha n'chiyani? Magaidi, mavavu, masipuling'i, zonse zosinthika. Chondichititsa kuitaya ndi mng'alu wochoka pa bowo la pulagi kufika pa mpando, osati ukalamba.

Inu eni njinga, makaniko akati apera mavavu, mufunseni kaye ngati wayeza gaidi. Akamanga, aike mpata wa 0.08 mm pa mavavu onse awiri, injini ili yozizira.