Eni Mudzi ndi Alendo m'Makomboni a Lusaka

Mu Lusaka funso lakuti “kwanu n'kuti?” silichedwa kufunsidwa. Wina amayankha kuti kwawo ndi ku Chipata, wina ku Petauke, wina ku Mongu, pakuti mzinda uno, umene unayamba ngati kasiteshoni ka njanji mu 1905 ndi kusanduka likulu la dziko mu 1935, unamangidwa ndi anthu obwera. Koma funso lomwelo sitilifunsa kwa mitengo imene timapumula mumthunzi wake, kapena kwa tinyama tokhala pansi pa mapazi athu. M'mwezi wa Disembala tinayenda kuchokera ku Matero ndi ku George, kudzera ku Kanyama, mpaka ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, titanyamula funso limodzi: mwa zamoyo zonsezi, mwini mudzi ndani, ndipo mlendo ndani?

Mitengo ya pabwalo

Ku Matero pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mtengo wa mango, ndipo tinapeza ana ali kalikiliki kugenda zipatso. Akatswiri a zomera amautcha mtengowu Mangifera indica, ndipo liwu lachiwirilo likuulula kwawo: unachokera ku India ndi maiko oyandikana nawo. Mwambo wopatsa chomera chilichonse maina awiri achilatini anaukhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753. Dzina loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, pakuti limasonkhanitsa apachibale. Lachiwiri ndilo la mtundu umodzi wokha m'banjamo.

Titalowa m'tinjira topapatiza ta ku George, alendo anachulukirachulukira. Papaya, gwafa ndi kotapela, amene ena amati mapeyala, kwawo ndi ku Mexico ndi maiko apakati pa America. Jakaranda wa m'mphepete mwa misewu anachokera ku South America, bulugamu ku Australia. Ngakhale chimanga chimene chinali kubiriwira kuseri kwa nyumba, mwini wake nsima, makolo ake ali ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa zombo za Azungu zitayamba kuoloka nyanja ya Atlantic, chitapita chaka cha 1492. Zakudya zobadwira mu Africa muno ndi monga mapira, khobwe, nzama ndi luni. Zoonadi mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, chifukwa alendowa ndiwo akutidyetsa lero.

Nanga eni mudzi anapita kuti? Mzinda usanamangidwe, kuno kunali nkhalango ya miombo pa zitunda, ndi mitengo yaminga pa nthaka yachonde. Nkhuni, makala ndi nyumba zinaitsiriza. Apo ndi apo tinaona mkuyu wokalamba kapena mthethe utatsala wokha m'mbali mwa ngalande. Mthethewo unalandidwa ngakhale dzina. Kwa zaka zambiri unkatchedwa Acacia, koma akatswiri atapeza kuti mitengo yaminga ya kuno ndi ya ku Australia si banja limodzi, msonkhano wawo wa ku Melbourne mu 2011 unatsimikiza kuti dzinalo likhale la mitengo ya ku Australia. Tsopano mthethe umalembedwa Senegalia polyacantha.

Mwala wa ku Kanyama

Kuchoka ku George tinatsikira ku Kanyama, kumene mvula inali itasandutsa misewu kukhala madambo. Kuno, monganso ku Chawama, dothi ndi lochepa ndipo mwala wa laimu uli pafupi kwambiri, kotero kuti madzi amasowa kolowera msanga. Amayi ophwanya miyala anali atakhala pa milu yawo, nyundo zili m'manja. Mwala umene amaphwanyawo uli ndi zaka zoposa 500 miliyoni. Unaumbika nyama zamafupa zisanayambe kuyenda pa mtunda.

Madzi akamadya mwala wotere pang'onopang'ono amasiya mapanga, ndipo mapangawo amasunga zakale. Ku Kabwe, makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka, anthu okumba mtovu ndi zinki anapeza chigaza m'phanga pa 17 Juni 1921. Arthur Smith Woodward anachipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis, koma akatswiri ambiri pambuyo pake anachiika m'gulu la Homo heidelbergensis. Kafukufuku wa mu 2020 anaonetsa kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chigazacho chinatengedwa kupita ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwezedwe. Pafupi ndi kwathu kuno, pa phiri la Twin Rivers kumwera chakumadzulo kwa mzinda, anafukula zida zamiyala ndi miyala ya utoto zimene anthu ankagwiritsa ntchito zaka zoposa 200,000 zapitazo. Tsono dera lino linali ndi eni ake kalekale, Asoli ndi Alenje asanafike.

Pochoka ku Kanyama tinaima pa msika wa Soweto, pamene tinapeza madengu a masuku ochokera m'nkhalango zakutali. Ameneyu ndi mwana weniweni wa miombo, koma tsopano amalowa mumzinda pa lole ngati mlendo. Dzina lake ndi Uapaca kirkiana, kukumbukira John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858 mpaka 1863, akutola zomera. Chipatso chimene agogo athu anachidziwa kuyambira makedzana chinalembedwa m'mabuku ndi dzina la munthu wongodutsa.

Mwini mudzi wa pansi pa nthaka

Minibasi inatitengera kum'mawa, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere. M'timinda tating'ono totsala pakati pa mipanda tinaona timilu ta dothi lofukulidwa chatsopano, titandandalika ngati mizere. Aliyense amene analimapo mbatata amadziwa kuti imeneyo ndi ntchito ya mfuko, ndipo saikonda, chifukwa imadya mbatata ndi chinangwa mwini munda osaona.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaganiza kuti mfuko ya ku Lusaka ndi mtundu womwewo wa ku South Africa. Kenaka anawerenga makromozomu ake, ndiwo timaulusi tosunga chibadwa m'thupi la chamoyo chilichonse. Ya ku South Africa ili nawo 54, ya ku Lusaka 68, ya ku Itezhi-Tezhi 58. Choncho mu 1999 Hynek Burda ndi anzake, mmodzi wa iwo Mzambia Mathias Kawalika, analengeza kuti ya ku Lusaka ndi mtundu paokha. Anaitcha anselli polemekeza W. F. H. Ansell, amene analemba buku la nyama zoyamwitsa za mu Zambia mu 1978. Mfuko imene inaimira mtundu wonsewo inagwidwa pa bwalo la gofu la Chainama Hills, kufupi ndi makomboni awiriwa. Mtundu umenewu supezeka m'dziko lina lililonse kupatula Zambia. Akatswiri amaona kuti mitsinje ikuluikulu, monga Kafue, inathandiza kulekanitsa mabanja a nyamazi mpaka anasanduka mitundu yosiyana.

Mu 2006 mfuko za kuno ndi abale ake zinapatsidwa mfunda watsopano, Fukomys, wopangidwa ndi liwu lathu lakuti mfuko ndi liwu lachigiriki lotanthauza mbewa. Lero wophunzira wa ku Germany kapena ku Japan akalemba Fukomys anselli, akulemba liwu limene amayi a ku Mtendere amatchula m'munda.

Moyo wa kanyamaka ndi wodabwitsa. Kamakumba ndi mano, milomo itatsekeka kuseri kwa manowo kuti dothi lisalowe m'kamwa. Sikamwa madzi, pakuti kamawapeza m'mizu imene kamadya. Kamakhala m'banja limene yaimuna imodzi ndi yaikazi imodzi zokha ndizo zimaswana, ana ndi kumathandiza kukumba ndi kusunga chakudya. Mumdima wa pansi kamazindikira mbali za dziko mwa mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, monga kampasi ya woyendetsa chombo.

Owerenga okondedwa, chimene tinaona pa ulendowu n'chakuti malo otseguka akutha. Munda wa chaka chatha lero ndi nyumba ya simenti, ndipo pansi pa simenti mfuko singakumbe, mkuyu sungamere. Mwana wa ku Chawama amadziwa mkango ndi njovu za m'buku la kusukulu, koma mwina sanamvepo za nyama imene mzinda wake unapatsa dziko lonse. Alendo tiwasunge, pakuti ndiwo chakudya chathu. Koma pa bwalo la sukulu kapena la tchalitchi pangapezeke malo a mkuyu, msangu kapena mthethe umodzi. Ndipo agogo akamatchula maina a mitengo ndi nyama m'chinenero chathu, ana akhale pafupi ndi kuwalemba, chifukwa akatswiri omwe anafunikira liwu la kumudzi kuti atchule mfuko.