Ku Big Stone Gap, komwe ana a ogwira ntchito m'migodi akuphunzira kusamalira mapapo

Msewu waukulu wa US 23 ukachoka mumzinda wa Kingsport, m'chigawo cha Tennessee m'dziko la America, umalunjika kumpoto n'kuyamba kukhotakhota pakati pa mapiri a Appalachia. Ola lisanakwane, mlendo amafika ku Big Stone Gap, tauni ya anthu pafupifupi 5,000 yomwe ili kumapeto kwa chigawo cha Virginia, kufupi ndi malire a Kentucky. Mtsinje wa Powell umadutsa m'tauniyi, ndipo mapiri okutidwa ndi nkhalango anaizinga mbali zonse. M'mwezi wa Okutobala masamba a mitengo amafiira ena n'kuchita chikasu, moti wongodutsa angaganize kuti kuno mavuto kulibe.

Koma pansi pa mapiri amenewa pali malasha, ndipo tauniyi inakula chifukwa cha malashawo. Midzi yoyandikana nayo monga Stonega, Derby ndi Imboden inamangidwa ndi makampani a migodi kuti antchito awo azikhalamo. Migodi yambiri inatsekedwa kale, koma zimene inasiya m'zifuwa za anthu zikadalipo. Si zachilendo kuona bambo amene sanakalambe kwenikweni akuyenda mwapang'onopang'ono pakhomo la sitolo, timachubu tili m'mphuno, kabotolo ka mpweya wa okosijeni kali pambali.

Matendawa eni dera amawatcha black lung, kutanthauza mapapo akuda. Fumbi la malasha likalowa m'mapapo kwa zaka zambiri limasiya zipsera, mapapo amauma, ndipo munthu amayamba kubanika ngakhale pokwera masitepe a nyumba yake yomwe. Ngozi ya mumgodi wa ku Farmington, ku West Virginia, itapha anthu 78 mu 1968, boma linakhazikitsa lamulo la 1969 lochepetsa fumbi m'migodi, ndipo kwa zaka zingapo odwala anachepa. Kenaka matendawa anabwereranso mwamphamvu. Malasha ochindikala atatha, makina anayamba kudula miyala yozungulira malasha opyapyala otsalawo, ndipo fumbi la miyala imeneyi, lomwe lili ndi silika, limawononga mapapo msanga kuposa la malasha. Mu 2018 akatswiri a boma analengeza kuti m'chigawo chapakati cha mapiri a Appalachia, mmodzi mwa anthu asanu alionse amene anagwira ntchito mumgodi kwa zaka 25 kapena kuposerapo anali ndi matendawa. Chaka chomwecho kunadziwikanso kuti zipatala zitatu zokha za bungwe la Stone Mountain Health Services, m'dera lomweli, zinapeza anthu 416 odwala mtundu woopsa kwambiri wa matendawa pakati pa 2013 ndi 2017.

Chakumwera kwa tauniyi, m'mbali mwa msewu uja, kuli Mountain Empire Community College, yomwe inatsegulidwa mu 1972. Ndi imodzi mwa makoleji 23 a mtundu umenewu m'chigawo cha Virginia. Koleji yotere imasiyana ndi yunivesite. Maphunziro ake ambiri amatha zaka ziwiri, fizi yake ndi yotsika, ndipo ophunzira amachokera kunyumba kwawo tsiku ndi tsiku. M'kalasi imodzi mumapezeka mtsikana amene wangomaliza sekondale, mayi wa ana awiri amene amagwira ntchito m'sitolo madzulo, ndi bambo amene ntchito inamuthera. Kuyambira mu 2021 boma la Virginia lili ndi ndondomeko yotchedwa G3 yothandiza ophunzira ochokera m'mabanja opeza mochepa kulipira maphunziro a ntchito zosowa anthu, ndipo ntchito zachipatala zili m'gulu limenelo.

Pakolejiyi amaphunzitsa ntchito imene pa Chingerezi imatchedwa respiratory therapist, katswiri wothandiza odwala amene akuvutika kupuma. Iye si dokotala komanso si namwino. Amagwira nawo limodzi ntchito, koma maso ake onse amakhala pa mpweya wolowa ndi kutuluka m'thupi. Malo m'kalasi imeneyi ndi owerengeka, choncho wofuna kulowa amayenera kuonetsa kuti masamu ndi sayansi amazitsata.

Poyamba ophunzira amalimbana ndi mabuku: kapangidwe ka mapapo ndi mtima, mmene okosijeni amachokera m'timatumba ta m'mapapo n'kulowa m'magazi, ndi mankhwala otsegula njira za mpweya. Amaphunzira kuti mpweya umene tonse timapuma uli ndi magawo 21 pa 100 alionse a okosijeni, ndiponso kuti okosijeni wa m'botolo ndi mankhwala ofunika muyeso, pakuti kwa odwala ena akachuluka amavulaza. Kenaka amayeserera pa zidole zooneka ngati anthu: kumvetsera chifuwa, kuyamwa makhololo otseka kummero, kupopa mpweya ndi dzanja kwa munthu amene wasiya kupuma, ndi kutchera makina opumitsa odwala mwakayakaya. Gawo limene ambiri amaliopa ndi lotenga magazi pamtsempha wapamkono umene umagunda. Mtsemphawu uli mkati kuposa mitsempha ina, kubaya kwake kumapweteka, koma magazi ake ndiwo amanena zoona za mmene mapapo akugwirira ntchito.

Akatero amapita m'zipatala kukaphunzira pa odwala enieni, moyang'aniridwa ndi akatswiri. Pomaliza amalandira digiri ya zaka ziwiri, amalemba mayeso a dziko lonse a bungwe la National Board for Respiratory Care, ndipo akakhoza amatenga chiphaso cha boma chowalola kugwira ntchito. Mliri wa COVID-19 utabuka mu 2020, anthu a ntchito imeneyi ndiwo ankaima pafupi ndi makina opumitsa odwala usana ndi usiku, ndipo ambiri m'dzikomo anayamba kuidziwa nthawi imeneyo.

Ntchitoyi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena. Zipsera za fumbi sizichoka. Katswiriyu sangabweze mapapo a munthu. Chimene angathe ndi kuyeza mphamvu yotsalayo, kuphunzitsa wodwala kutulutsa mpweya pang'onopang'ono milomo atasongola ngati woimba likhweru, kumuyendetsa pang'ono tsiku lililonse kuti minofu isafooke, ndi kuona kuti katemera wa chimfine ndi chibayo walandira. Kuletsa fumbi kumene ndi ntchito ya eni migodi ndi boma. Lamulo lochepetsa fumbi la silika linatuluka mu 2024, koma mu 2025 kuyamba kulitsata kunaimitsidwa nkhani italowa m'khoti.

Ubwino wa koleji ya m'dera ukuonekera apa. Amuna a m'migodi sakonda kudandaula, ndipo wina amafika kuchipatala matenda atapita kale patali. Koma womuyezayo akakhala mwana wa kumudzi komweko, wodziwa mayina a migodi, wolankhula ngati iwo, amene mwina agogo ake anafa ndi chifuwa chomwecho, wodwalayo amamasuka n'kufotokoza zonse.

Nkhani ya fumbi siyachilendo kuno kum'mwera kwa Africa. Amuna ambiri a ku Malawi, Mozambique, Lesotho ndi maiko ena anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi TEBA, ndipo ena anabwerera kumudzi ndi mapapo owonongeka ndi silika kapena chifuwa chachikulu. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza chipukutamisozi cha ndalama zokwana R5 biliyoni kwa amene anadwala chifukwa cha ntchito m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa udindo wogawa ndalamazo. Wopempha amene ali moyo amafunika kuunikidwa m'chifuwa ndi kuyezedwa mphamvu ya mapapo.

Kuyeza kumeneku ndi komwe ophunzira a ku Big Stone Gap amachita mobwerezabwereza. Wodwala amakhala pampando, amatsekedwa mphuno ndi kopanira, amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, n'kuuzira mwamphamvu m'kachubu kolumikizidwa ku kompyuta. Akauzira mofooka manambala amanama, choncho woyezayo amaima pambali pake, akumulimbikitsa mokweza mawu kuti asaleke mpaka mpweya wonse utatha. Amabwereza zimenezi katatu kapena kuposerapo, kufikira zotsatira zitagwirizana.