Boti Loyera ndi Njira ya ku Siavonga

Munthu wobadwira kumtunda akaona boti likuyandama panyanja, amayesa kuti mdani wace ndi madzi okha. Mkulu wina wa ku Petauke, amene anagwira nchito ya ukalaliki mu Lusaka zaka 30, anali ndi maganizo omwewo, kufikira tsiku limene Nyanja ya Kariba inamuonetsa kuti boti likhoza kupwetekedwa lisanakhudze madzi konse.

Mkuluyu anapuma pa nchito m'caka ca 2019. Atalandira ndalama zace za penshoni, mkazi wace anafuna kuti atsirize nazo denga la nyumba ya kumudzi, koma iye mtima unali pa nsomba. Anali ataona amayi ogulitsa mphende ndi kapenta m'misika ya Lusaka, nawerengera mumtima mwace kuti mwini boti sagona ndi njala. Tsono anagula kwa munthu wina boti logwirapo kale nchito, la mtundu uja asodzi a m'Zambia amaucha banana cifukwa ndi lalitali, lopapatiza ndi lokhota kumapeto. Anagulanso injini yaing'ono ya mahachi 15, maukonde, ndi ngolo yakale ya magudumu awiri yokokerapo botilo.

Maboti otere sasemedwa m'tsinde la mtengo monga mabwato amene iye anawaona pa Luangwa ali mnyamata. Amaumbidwa m'cikombole ndi nsaru yolukidwa ndi ulusi wa galasi, imene amaithira utomoni wochedwa resin, nsaru pamwamba pa inzace, kufikira zonse zitauma ndi kulimba. Ndico cifukwa cace anthu amati boti la faiba. Ciswe sicilidya, siliola ngati thabwa, silicita dzimbiri ngati citsulo, ndipo amuna owerengeka akhoza kulinyamula. Wogulitsa uja anamuuza zabwino zonsezi, naonjeza mau ena akuti, "Polikoka pamseu, bambo, musaikemo katundu." Koma mkuluyo mauwa anangowamva ndi khutu limodzi, pakuti anati mumtima, cinthu conyamula anthu asanu ndi atatu panyanja cingalephere bwanji matumba awiri a ufa?

Mbanda kuca wa tsiku la ulendo, iye ndi muphwa wace, mnyamata amene anali atangotsiriza sukulu, analonga m'boti ufa, makala, maukonde ndi mgolo wa petulo, zambiri za izo kumbuyo, pafupi ndi injini imene inali yopacikidwa kale pamalo pace. Anamanga botilo ndi cingwe cimodzi ca pakati, nanyamuka.

Kucokera ku Lusaka kufika ku Siavonga ndi mtunda wa makilomita ngati 200. Munthu akaoloka mtsinje wa Kafue amatsata mseu wa ku Chirundu, umene umatsika mapiri kulowa m'cigwa ca Zambezi, ndipo pali malo ena okhotakhota ochedwa Kapiringozi. Pamenepo ndi pamene ngolo inayamba kubvina. Inapita uku, nipita uko, nikankha galimoto kumbuyo ngati ng'ombe yosaphunzira goli. Mnyamata uja anagwira mpando ndi manja onse awiri nati, "Amalume, cikutitsata cija cafuna kutipitirira!" Mkuluyo anaponda mabuleki kolimba, ndipo kubvinako kunangokula, mwai wace unali wakuti kutsogolo kunalibe lole, ndipo mseu utayamba kukwera ngoloyo inakhazikika yokha.

Cimene iye sanacidziwe ndi ici: ngolo imayenda moongoka ngati kulemera kwace kwapendekera pang'ono kutsogolo, kotero kuti pafupifupi gawo limodzi la magawo 10 litsamire pa cokolera ca galimoto. Katundu akacuruka kumbuyo kwa magudumu, mcira ndiwo umalamulira mutu. Ndiponso potsika phiri, wokoka ngolo ayenera kulowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsetsereka, kuti injini igwire galimoto, mabuleki angatenthe ndi kuleka kugwira.

Atapatuka pa mseu wa ku Chirundu kulunjika ku Siavonga, anapeza mabampu ndi maenje ena, ndipo pa liri lonse boti linkadumpha ndi kugwera pa timagudumu tiwiri ta mphira timene linatsamirapo. Iwo kutsogolo sanamve kanthu. Anafika dzuwa litapendeka, nabweza ngolo cambuyo kulowa nayo m'madzi magudumu ali otentha, natsitsa botilo. Linayandama bwino lomwe, loyera ngati kakowa, ndipo mkuluyo anaseka nati, "Waona, mwana wa mlongo wanga? Akulankhula alankhule."

Masabata awiri oyamba zonse zinayenda. Anatenga cilolezo ca usodzi, nalemba mnyamata wina wa komweko wodziwa kuchera maukonde, ndipo anayamba kupha mphende ndi mceni wowerengeka. Madzi pang'ono ankapezeka pansi pa boti m'mawa uli wonse, koma iye anati ndi mame kapena mafunde a usiku.

Sabata lacitatu, ali kubvuula maukonde kutali ndi gombe, mphepo inauka. Kariba ndi nyanja yopangidwa ndi anthu, pakuti inabadwa pamene anatseka Zambezi ndi khoma limene linatha m'caka ca 1959, koma kutalika kwace kumaposa makilomita 200, ndipo mphepo ikaomba motsata utali umenewo mafunde ace amakhala afupiafupi ndi aukali. Mkuluyo, pofuna kuthawa msanga, anatsegula injini yonse nalunjika mafundewo maso ndi maso. Boti linkakwera ndi kumenya pansi, kukwera ndi kumenyanso, ndipo pa kumenya kwina madzi anatumphuka pakati pa mapazi ao ngati kasupe. Muphwa wace anatenga cigubu coduladula nayamba kukapa. Wanchito uja anapfuula kuti, "Bwana, cepetsani moto, mupatseni funde phewa!" Analanda ciongolero, nacepetsa liwiro, nayamba kulandira funde liri lonse mopendeketsa mutu wa boti pang'ono. Maukonde awiri anawadula nawasiya m'madzi. Anafika pagombe madzi ali m'maondo, ndipo mwa atatuwo panalibe ndi mmodzi yemwe wobvala jekete loyandamitsa, ngakhale awiri a iwo sanadziwe kusambira.

Pagombepo panali nkhalamba ina ya Citonga imene inali kusoka ukonde. Makolo ace anali mwa anthu pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa m'cigwaco, tsidya lino ndi tsidya lija, pamene madzi anali kukwera, ndipo iyo inkadziwa pamene pali mitengo yomira monga mlimi adziwa zitsa za m'munda mwace. Caka cimeneco mvula inabvuta, nyanja inaphwa kwambiri, ndipo nsonga za mitengo ya mopane zinali pafupi ndi pamwamba pa madzi. Cifukwa cace mkuluyo anafika akudandaula kuti, "Atate, citsa candiphera boti."

Nkhalambayo sinayankhe msanga. Inaitana anyamata kuti alibvundikire botilo pamcenga, niyenda ndi cala pa mng'alu uja, nigogoda ndi kandalama mozungulira pace. Pena pankalira mau olimba, pena mau akufa ngati mphika wosweka. Pamenepo inati, "Mwananga, citsa cimakanda motalika, kucokera kutsogolo kunka kumbuyo. Bala ili ndi lozungulira ngati nyenyezi, ndipo taona, liri ndi mbale wace mbali iyi. Kabwere nayo ngolo yako." Ataiyandikiza ngoloyo nayesa ndi cingwe, anapeza kuti mabala awiriwo anali pamalo peni peni pamene timagudumu ta mphira tija tinakhudza. Mgolo wa petulo ndi matumba a ufa zinali zitasindikiza botilo pa timalo tiwiri tating'ono ulendo wonse, ndipo nyanja inangotsegula bala limene mseu unayamba. Boti likakhala pamadzi limanyamulidwa thupi lonse mofanana, koma likakhala pangolo limanyamulidwa pamene pakhudza pokha.

Mkuluyo anakhala pansi nagwira cibwano, nakumbukira mau a wogulitsa uja ndi denga la nyumba ya kumudzi. Safunsa anadya phula. Iye anali atauzidwa osafunsa n'komwe, koma phulalo analidyabe.

Ubwino wa faiba ndi wakuti imalola kukonzedwa ndi munthu wamba, ngati ali wofatsa. Analiumika botilo masiku angapo, pakuti resin sagwira pa cinyontho. Anapala ndi sandipepa mozungulira bala, mkati ndi kunja, kufikira atacotsa ulusi wonse woyera wophwanyika, atamanga nsaru pamphuno cifukwa pfumbi lace limayabwa pakhungu ndi kupweteka m'cifuwa. Anadula zigamba za nsaru ya galasi zosiyana kukula, nasanganiza resin ndi madontho owerengeka a mankhwala oumitsa, pang'ono pang'ono, pakuti m'kutentha kwa m'cigwa msanganizowo umalimba munthu asanatsirize kusuta fodya. Cigamba ciri conse anacinyowetsa ndi burashi ndi kucisindikiza kuti mpweya usatsalire mkati. Nchitoyo inadya ndalama zimene anasungira maukonde atsopano, ndiponso masabata awiri opanda nsomba.

Ngolo nayo anaikonza. Anacotsa timagudumu tija naikapo matabwa awiri atali okutidwa ndi kapeti yakale, kuti boti ligone pa utali wace wonse. Potsegula magudumu anapeza girizi itasanduka ngati phala ndi mabering'i atayamba dzimbiri, pakuti magudumu otentha akamizidwa m'madzi ozizira, mpweya wa mkati mwace umazizira ndi kukokera madziwo ku mabering'i. Kuyambira pamenepo ankayamba wadikira kuti magudumu azizire asanalowe nawo m'nyanja. Akafuna kulikoka botilo, injini ndi katundu yense zinkakwera m'galimoto, boti linkamangidwa kumutu ndi kumbuyo mbali zonse ziwiri, ndipo ankaima panjira kukhudza zingwe ndi magudumu ndi dzanja lace. Anagulanso majekete atatu asanagule ukonde wina uli wonse.

Inu anyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mukulota zokhala ndi cuma canu canu, kaya ndi boti, kaya cigayo, kaya njinga ya moto, dziwani kuti kugula ndi nchito ya tsiku limodzi, ndipo wogulitsa akamalankhula mau otsiriza muli kale pakhomo, amenewo ndiwo ofunika kuwachera khutu.

Denga la ku Petauke linatha patapita zaka zitatu, ndi ndalama za mphende. Tsiku lopita nawo malata kumudzi, muphwa uja, amene tsopano ndiye ankayendetsa botilo, anayang'ana ngolo yopanda kanthu nati, "Amalume, bwanji tiwaike m'boti, tipite nalo akalione a kumudzi?" Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, ndipo mnyamatayo anaseka, napita kukafunafuna lole.