Kumtunda kwa Dziŵe la Nkhalamba

Ambiri amene amafika ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ulendo wawo umathera pa Dziŵe la Nkhalamba. Kuchokera pa ofesi ya za nkhalango munthu amayenda monga ola limodzi m'njira yopondeka bwino, nafika pamene mtsinje wa Likhubula umagwa pathanthwe ndi mkokomo, nuthira m'dziŵe lakuya, lozizira koopsa. Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti kale pamalopo pankaoneka nkhalamba ya imvi. Masiku ano pamadzaza ana a sukulu ndi magulu a achinyamata.

Ife tinafuna kuona kumene madziwo achokera. Tinali aphunzitsi aŵiri ndi anyamata asanu, pamodzi ndi mperekezi wobadwira komweko. Iyeyo anavomera kutipatutsa m'njira, koma anatipangana kuti pamene iye waponda ndi pomwe ifenso tiponde.

Kungosiya njira, phiri limasanduka lina. Tinakwera chokwaŵa pakati pa mitengo ya masuku, manja akugwira mizu, maso ali tcheru kuopa chitedze. Apusi anatiyang'ana pang'ono nabwerera ku zawo. Tinadutsa tinjira tambiri ta amayi otola nkhuni. Tonse nkofanana, ndipo mlendo sangadziŵe kamene kakathere kuphompho. Pamwamba pa mathithi tinapeza maiŵe ang'onoang'ono oyera mbee, ndi miphika imene madzi anaboola m'thanthwe pozunguza timiyala zaka zosaŵerengeka. Anyamata amene m'kalasi amaodzera tikamaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka anapisamo mikono mpaka m'mapewa, mafunso osatha.

Tinafunsa za mkungudza. Mtengowu umamera pamwamba penipeni. Nkhalango ya phirili inaikidwa m'manja mwa boma mu 1927, ndipo mkungudza unatchedwa mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma macheka ndi moto zaupulula kotero kuti ana athu ambiri amaudziŵa pa fungo la tizibokosi togulitsa alendo basi.

Tsono makolo, mvetsetsani za madziŵa. Mwala wonyoŵa wokhala ndi ndere umaterera kuposa sopo, ndipo pamwamba pa mathithi woterereka sapeza chogwira. Choopsa china nchakuti mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri inu muli padzuŵa m'munsi. Madzi onse a pamathanthwe amathamangira mumtsinje nthaŵi imodzi. Mu 1949 mzungu wina wogwira ntchito ya nkhalango anakokoloka powoloka mtsinje wodzaza paphiri lomweli. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya mperekezi wake nalunjika yekha ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndipo anampeza atafa. Zipsera za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zikuonekabe m'mbali mwa phiri.

Dzuŵa litapendeka, mperekezi anatiloza mtambo umene unayamba kuphimba Chambe, natiuza kuti tichoke m'khwaŵa msanga. Anyamata anadandaula, pakuti mbatata zinali zisanathe. Tinatsikira kumtunda kouma, kutali ndi madzi, ndipo pofika pa dziŵe lija chifunga chinali chitameza malo onse amene tinakhalapo.