Khumi ndi ziwiri ndi senti yotsala ya ku Ruwa

Chichewa chimawerenga ndi dzanja limodzi. Chili ndi -modzi, -wiri, -tatu, -nayi ndi -sanu, ndipo zala zikatha chimayamba kuphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, kufikira pa khumi. Khumi silitsatanso gulu la chinthu chowerengedwa monga zichitira zisanu zoyambazo. Ndi dzina loima palokha, n'chifukwa chake pali makumi. Munthu angayembekezere kuti wokulira m'chiyankhulo chotere azikonda 5 kapena 10. Koma ku Ruwa, kum'mawa kwa Harare pa msewu wa ku Mutare, kuli mkulu wina wa ku Dedza amene 10 saiwerengera konse. Nambala yawo ndi 12.

Mkuluyu anatsikira kuno Chitaganya chili pafupi kutha mu 1963, ali mnyamata, pamodzi ndi anzawo ambiri a ku Nyasaland amene anadzaza makomboni a m'mapulazi a ku Mashonaland. Ntchito inali ya tikiti: kapitawo ankachonga tsiku ndi tsiku, ndipo malipiro ankatuluka masiku 30 akakwana. Ndalama zake zinali mapaundi ndi masheleni, sheleni imodzi makobiri 12. Apa ndi pamene chikondicho chinamera, pakuti anyamata ogona nyumba imodzi ankasonkherana ndi kugawana kawirikawiri. Akakhala awiri, aliyense makobiri 6. Akakhala atatu, 4. Anayi, aliyense tiki yake ya makobiri 3. Asanu ndi mmodzi, 2. Panalibe wotsala m'manja, panalibenso wodyera mnzake.

Akatswiri a masamu amanena zomwezo m'mawu ena. Nambala 12 imagawika ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12, ndipo palibe nambala yocheperapo yokhala ndi zoigawa zochuluka chomwecho. Ya 10 ili ndi 1, 2, 5 ndi 10 basi. Paundi ya makobiri 240 inali ndi zoigawa 20, pamene 100 ili ndi 9. Mkuluyu sanaphunzire zimenezi m'kalasi. Anaziphunzira pa mphasa, madzulo a tsiku lamalipiro.

Pa 17 February 1970 Rhodesia inasiya paundi n'kuyamba dola, ndipo sheleni inasanduka masenti 10. Kwa olemba mabuku a pa pulazi unali mpumulo. Kwa anyamata atatu aja unali mlandu: aliyense masenti 3, imodzi n'kutsala pakati, onse akuiyang'ana. Mpaka lero mkuluyu amati 10 ndi nambala ya ndewu. Amakondanso kukumbutsa, akuseka, kuti boma lenilenilo linalephera kugawa 10 panayi, mwakuti linachita kusula kandalama ka masenti awiri ndi theka kuti kalowe m'malo mwa tiki. Ndipo 10 sinawasiye. Pakati pa 2006 ndi 2009 banki yaikulu ya Zimbabwe inadula maziro 25 pa ndalama, poyamba 3, kenako 10, kenako 12, ndipo inasindikiza pepala la 100 trillion, la maziro 14, limene Chichewa chilibe dzina lake. Ndalama zimene anasunga pa zaka zonse za ntchito zinathera m'maziro amenewo.

Chodabwitsa kwa wotsata ziyankhulo n'chakuti Chichewa chimabisa kukoma kwa nambala imene mkuluyu amaikonda. "Khumi ndi ziwiri" limamveka ngati khumi lonyamula kakatundu kapambali. Simumva atatu kanayi kapena anayi katatu m'menemo. Mwina n'chifukwa chake pogula amangoti dazeni, mawu obwereka amene amaigwira 12 yathunthu. Thireyi ya mazira 30 amailemekezanso, popeza ndi mizere 5 ya mazira 6, ndipo imagawika pawiri, patatu ndi pasanu. Komabe amati siifika pa dazeni chifukwa anthu anayi sangaigawane popanda kuswa dzira.

Mapulazi ambiri anasintha eni ake kuyambira mu 2000, makomboni anabalalika, ndipo adzukulu a mkuluyu akukulira m'tauni ya Ruwa akuyankhula Chishona ndi kuwerenga m'Chingerezi. Chishona chili ndi mawu akeake kupitirira pa 5: tanhatu, nomwe, sere, pfumbamwe. Ana ozolowera zimenezi akamva "zisanu ndi zinayi" amaseka, amati agogo akuwerengera pakamwa samu ya Giredi 1. Kuseka kumeneku si kwachabe. Ku Malawi komwe, pa msika anthu amati sikisi, seveni, eyiti, ndipo kawerengedwe kakale katsalira m'Baibulo, m'nthano ndi m'kamwa mwa okalamba.

Mmodzi yekha mwa adzukuluwo, mtsikana wa ku sekondale, ndiye amalimbana nawo. Amawaitana Sekuru, pakuti kuno gogo ndi wamkazi, ndipo "agogo" la kwawo kwa mkuluyu limam'seketsa. Iye amakonda 6. Anawafotokozera kuti ukaphatikiza zoigawa zake, 1, 2 ndi 3, imabwereranso 6 yomweyo, ukazichulukitsa chimodzimodzi, ndipo Agiriki a nthawi ya Euclid ankaziwona nambala zotere ngati zangwiro. Anawonjeza kuti tanhatu la Chishona limamveka -tatu mkati mwake, ngati atatu ndi atatu, pamene Chichewa chimangoti zisanu ndi chimodzi.

"Ndiye theka la sheleni limenelo," anatero mkuluyo, osatekeseka. "Ina yangwiro ndi iti?"

"Ndi 28, Sekuru. 1, 2, 4, 7 ndi 14. Ikatha imeneyo ndi 496."

Mkuluyo anawerenga pa zala kanthawi, milomo ikuyenda m'Chichewa.

"Makumi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Mukakhala atatu, mdzukulu wanga, aliyense atenga zisanu ndi zinayi. Nanga chotsalacho atenga ndani?"